Nyimbo za Azakhali mu Kompyuta

Ine sindinapemphe kuphunzira kompyuta. Ahedi athu anangondiitana mu ofesi sukulu ili pafupi kutsekera, n'kunena kuti, "Amadamu, ana akufunika kuyamba phunziro la kompyuta, ndipo amene mupite ku boma kukaphunzira ndinu." Nditafunsa chifukwa chimene asankhira ine, mayi wa ana anayi amene ngakhale foni imamuzunguza mutu, anati n'chifukwa choti ndimalemba bwino pabolodi. Ha! Ndinatsala pang'ono kuwayankha zowawa, koma chidwi chinanditseka pakamwa. Ine chibadwire ndine wosuzumira. Ndili mwana ndinaphwasula wailesi ya bambo anga kuti ndione anthu olankhula m'katimo, ndipo makofi amene ndinalandira tsiku limenelo sanandichiritse.

Maphunzirowo anali a masabata awiri, pa holide ya Ogasiti, mphepo ya fumbi ija itayamba. Ndinamangirira chikwama ndi bulangete pa njinga n'kupalasa kuchoka kwathu ku Zemba mpaka pa boma pa Chadiza. Tinakumana aphunzitsi khumi ndi anayi, akazi tinali atatu okha, ndipo tinkagona pamatilesi m'kalasi ina. Wotiphunzitsa anali bambo wamtali, wowonda, wocheperapo zaka kwa ine, wolankhula motsitsa mawu ngati m'nyumba muli khanda logona. Popeza tonse tinali aphunzitsi, iwo tinkawatchula kuti aphunzitsi a makina.

Masiku oyamba tinkangophunzira kuyatsa, kuzimitsa ndi kusakasaka zilembo pa kiyibodi ndi chala chimodzi. Koma Lachinayi analemba pabolodi zilembo zonse kuyambira A mpaka Z, n'kunena kuti, "Lero tiphunzira kubisa mawu. Chilembo chilichonse muchisunthire kutsogolo malo atatu. A akhale D, B akhale E. Mukafika kumapeto, muzungulire n'kuyambiranso ku A." Analemba mawu akuti mbuzi, nasuntha chilembo chimodzichimodzi, ndipo panatuluka pexcl. Abale inu, ine ndinaseka ndekha! Mbuzi yathunthu yasowa ndikuona, koma ili pomwepo. Ukabweza zilembo zija malo atatu, iyo n'kutulukiranso. Ndinadzaza tsamba lonse ndi mayina a ana anga osunthidwa, ena onse atapita kale kukamwa tiyi.

Kenako anatiphunzitsa kulemba pulogalamu yoti izichita zimenezi yokha. Inali mizere yosakwana khumi ndi iwiri, koma inanditulutsa thukuta. Makina aja ndi amwano, ndikukuuzani. Ukaiwala kadontho kamodzi, amakana ntchito yonse n'kukulembera zachizungu zofiira. Ndinawatukwana kangapo chamumtima, kamodzi mokweza. Koma Lachisanu masana pulogalamu yanga inayenda. Ndinaipatsa chiganizo chathunthu, ndipo ndisanaphethire inali itachisandutsa zosamveka. Ndinkafunitsitsa kudziwa kuti m'katimo zikuyenda bwanji, ndani akuwerenga malo atatuwo, ndipo ndinawafunsa mafunso aphunzitsi a makina mpaka anzanga anayamba kung'ung'udza kuti ndikuwachedwetsa ku chakudya.

Panali chinthu chachiwiri chimene ankatiphunzitsa limodzi ndi zimenezi, kachida kena kotchedwa giti. Ntchito yake, anatero, ndi kusunga masitepe. Ukalemba pang'ono, umauza giti kuti sunga apa, n'kulembapo mawu ochepa onena zimene wachita. Ndiyeno madzulo aliwonse tisanaweruke, tinkatumiza masitepe athu onse ku laputopu yawo kudzera pa mawaya olumikiza makompyuta a m'chipindamo. Anafotokoza zambiri za giti, ndikuvomera, koma makutu anga anali kwina. Ine ndinkaiona ngati rejisitala ya m'kalasi, yongochongera kuti munthu wabwera ndipo wagwira ntchito. Ndinaloweza mawu oyenera kulemba, basi, mtima wonse uli pa kusuntha zilembo.

Loweruka ndinapalasa kubwerera kumudzi kukaona ana, ndipo ndinadzera kwa azakhali anga, alongo awo a bambo anga. Azakhali ndi anamkungwi a m'dera lathu. Atsikana akatha msinkhu, ndi iwo amene amawalowetsa m'nyumba ya chinamwali n'kuwalanga mwambo, ndipo ine ndemwe anandivina ndi iwowo. Musaganize za munthu wofatsa ayi. Ndi mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, amene sanagonjepo pa mkangano ndi wina aliyense. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akusenda nsawa.

"Aphunzitsi afika," anatero. Akanditchula choncho ndimadziwa kuti ayamba kundinyogodola. "Mwatitengera nzeru zanji za ku boma?"

Ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo. Sipanapite nthawi, anayamba kudandaula. Mayi wina amene azakhaliwo anakhala akumuphunzitsa unamkungwi kwa zaka zambiri anali atatsatira mwamuna wake ku Lusaka, osatsanzika n'komwe bwinobwino. Atsikana a masiku ano amalowa chinamwali masiku atatu okha pa holide, n'kutuluka atamva theka. "Ndifa nazo," anatero, akuponya makoko kutali. "Nyimbo zonsezi zikalowa nane m'manda."

Kale ndinawauzapo kuti ndizilembe, koma anakana kwamtuwagalu. Tsikuli ndinayesanso, ndipo yankho linali lomwelo. "Pepala lilibe manyazi, iwe. Aliyense akalitsegula limamuuza zonse, kaya ndi mwamuna, kaya ndi mwana."

Apa ndi pamene kudzitama kunandilowa. Ndinawauza kuti ku boma ndaphunzira kulemba moti pepala lizisunga pakamwa. Anandiyang'ana cham'mbali. Ndinatulutsa kope ndi bolopeni m'chikwama n'kunena kuti anene chilichonse chimene akufuna. Anayang'ana pakhonde pamene amuna awo anali kuwodzera pampando, n'kunong'ona kuti, "Lemba kuti amuna anga ndi aulesi." Ndinasuntha zilembo mosamala, ndipo panatuluka dpxqd dqjd qgl dxohvl.

Tinawaitana bambo aja. Iwowa ndi amene amawerenga mawu kutchalitchi chathu chaching'ono Lamlungu ansembe akapanda kubwera, ndipo amanyadira kwambiri kuwerenga kwawo. Anavala magalasi, nagwira kope kutali, nalibweretsa pafupi, nalitembenuza chadodolido. Anayesa kutchula, ndipo m'kamwa mwawo munkangotuluka maphokoso ngati munthu wotsamwa ndi mbatata. Potsiriza anati mwina ndi chilankhulo cha ku Mozambiki. Azakhali anaseka mpaka kugwetsa lichero, misozi ili chuchuchu. Bambo aja atabwerera pampando wawo akung'ung'udza, azakhali anapukuta m'maso n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Makina akowo angabise zambiri?"

Tinagwira ntchito masana onse a Loweruka ndi a Lamlungu titachoka kutchalitchi, kuseri kwa nkhokwe komweko. Iwo ankaimba chapansipansi n'kumasulira tanthauzo, ine ndikulemba m'kope m'Chichewa chomveka, popeza kusuntha zonsezo pamanja kukanatenga mwezi. Zinali nyimbo khumi ndi imodzi, iliyonse ndi malangizo ake. Zambiri ndinkazikumbukira mwa apo ndi apo kuchokera pa chinamwali changa, koma matanthauzo ena ndinawamva koyamba tsiku limenelo, ine mayi wa ana anayi, mpaka kugwira pakamwa. Musayembekezere kuti ndikuuzani ngakhale mzere umodzi.

Pomaliza anandigwira dzanja mwamphamvu. "Mwamuna asaone. Mwana wosavinidwa asaone. Ukazibisa m'makinamo, kope ili ulitenthe, ndipo usadzalembenso papepala. Wamva?" Ndinanyambita chala n'kuchidutsa pakhosi.

Nditabwerera ku boma, ndinasiya chakudya cha masana Lolemba ndi Lachiwiri kuti nditayipe zonsezo chipinda chili chopanda anthu. Ndinakoloweka chitenje m'mbali mwa sikirini, ndipo amene anandifunsa ndinamuuza kuti dzuwa likundithobwa m'maso. Lachiwiri, ndikumaliza mzere wotsiriza, aphunzitsi a makina anasuzumira pakhomo n'kunena mawu awo a masiku onse: "Amene mwalemba kanthu, sungani sitepe musanayendetse pulogalamu." Ine, mwana womvera, ndinasunga sitepe. Kenako ndinayendetsa pulogalamu yanga, ndipo nyimbo zonse khumi ndi imodzi zinasanduka zilembo zopanda mutu. Ndinasunganso sitepe. Madzulo ndinatumiza zonse ku laputopu yawo monga mwa nthawi zonse, ndipo kope lija ndinakaliponya pamoto wa amayi otiphikira, n'kuimirira pomwepo mpaka linasanduka phulusa. Ndinayenda monyada tsiku limenelo ngati ndapha njoka ndekha.

Lachitatu m'mawa aphunzitsi a makina anayatsa pulojekita yoonetsa zinthu pakhoma. "Lero muona chifukwa chake timasunga masitepe," anatero. Anapempha munthu mmodzi wodzipereka, ndipo anaimirira bambo wina wa ku Zingalume, wolongolola kwambiri m'kalasi mwathu. Ntchito yake inaonekera pakhoma, masitepe onse ali mndandanda. Aphunzitsi anatsegula sitepe imodzi ya sabata yatha, ndipo pakhoma panatuluka mzere wofiira: nyemba za kuno ndi miyala, ophika ake sanatengwe bwino. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Bambo uja anakuwa kuti, "Koma ndinafufuta zimenezo!"

"Munafufuta, inde," anayankha aphunzitsi a makina, "koma munali mutasunga kale sitepe. Giti saiwala. Chilichonse chimene munasungapo chimakhala m'mbiri ya ntchito yanu, ndipo mukhoza kubwererako tsiku lililonse. Ubwino wake ndi umenewo. Mukalakwitsa lero, za dzulo zilipo."

Ine ndinali kuseka nawo. Kuseka kunandithera pakati. Sitepe ija ya Lachiwiri masana, ija ndinasunga ndisanayendetse pulogalamu! Nyimbo za azakhali zinali m'menemo m'Chichewa choyera, mzere ndi mzere, mu kompyuta yanga ndi mu laputopu ya munthu wamwamuna.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, anapitiriza kutionetsa kuti kabisidwe kathu kaja ndi kamasewera chabe. Anati njira zosunthira zilembo zilipo makumi awiri ndi zisanu zokha, ndipo analemba kapulogalamu ka mizere inayi koyesa zonsezo. Anakapatsa mawu obisika, ndipo pakhoma panatsika mizere makumi awiri ndi isanu, umodzi mwa iyo ukuwerengeka bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye anamaliza ndi mawu awa: "Lachisanu ndidzaika mbiri ya aliyense pakhoma pano, sitepe ndi sitepe, tonse tikuona. Kuchonga kwanga kudzakhala kumeneko."

Amuna khumi ndi awiri adzaziona, kuwerengera ndi aphunzitsi a makina omwe. Ena a iwo akwathu konkuno, odziwa azakhali, odziwa mwamuna wanga.

Masana amenewo ndinayesa kukonza ndekha. Ndinafufuta fayilo yonse ya nyimbo n'kusunga sitepe, poganiza kuti mwina sitepe yatsopano ikwirira zakale. Nditayang'ana mndandanda, zakale zinali pomwepo, ndipo pamwamba pake panawonjezeka ina yolengeza kuti mayi uyu wafufuta chinthu, chinthucho ndi ichi. Ndinali ngati munthu wosesa mapazi ake pabwalo, uku akupondanso pomwe wasesa. Chodabwitsa n'chakuti, mantha ali choncho, mbali ina ya mutu wanga inkachita chidwi. Kodi zimasungidwa pati? Bwanji fayilo palibe koma mawu alipo? Ndinafufuza mpaka ndinapeza kafoda kobisika kodzaza ndi mayina a manambala osamveka, koma ndinaopa kukakhudza. Komanso ngakhale ndikanakaphwanya, za mu laputopu yawo zikanatsala. Ndinadzikwiyira kwambiri. Aphunzitsi anafotokoza zonsezi sabata yoyamba, ine ndili kalikiliki kubisa mbuzi.

Lachinayi ndinadikira mpaka kalasi itaweruka nthawi ya fifitini, 3 koloko masana. Anzanga atatuluka, ndinatsala nditakhala, manja ali pamiyendo. Sindinachitepo manyazi otere chiyambire uphunzitsi. Mayi wamkulu ngati ine kuuza mwamuna wachilendo nkhani ya m'nyumba ya chinamwali, uyambira pati?

"Amadamu, pali vuto?" anafunsa akukulunga mawaya.

"Aphunzitsi, ntchito yanga ya Lachiwiri mwaitsegula kale?"

"Ayi. Ndimatsegula zonse tsiku lochonga."

Ndinapuma. Kenako ndinangoti, ndikuyang'ana pansi, "Muli zinthu za amayi m'menemo. Za anamkungwi. Ndinasunga sitepe ndisanazibise."

Anasiya mawaya aja. Ndinkayembekezera kuti aseka, kapena andikalipira kuti makompyuta a maphunziro si oikamo za kumudzi. Koma anati, "Amayi, ine kwathu ndi ku Mlolo. Ndinagula njira ndili mnyamata, ndinalowa gule. Ndikudziwa kuti pali zinthu zimene munthu akaona zisali zake, sangazibwezenso." Aka kanali koyamba kunditchula kuti amayi m'malo mwa amadamu.

Anandifotokozera mosabisa. Njira yochotsera sitepe imodzi m'mbiri ilipo, anatero, koma ndi yovuta, ndipo kuti atsimikize kuti zachokadi anayenera kuyang'ana ndi maso awo. Njira yosafuna maso awo inali imodzi: kufufuta ntchito yanga yonse pamodzi ndi mbiri yake, mu kompyuta yanga ndi mu laputopu yawo. Zikatero, Lachisanu ndikanaima pamaso pa anthu ndilibe chilichonse cha masabata awiri.

"Zimenezo ndilibe nazo ntchito," ndinatero. "Vuto ndi lakuti kope ndinatentha. Zikachoka apa, zachoka."

Anati pali maloko enieni a kompyuta, olimba kuposa kamasewera kathu, ndipo akhoza kundiphunzitsa. Ndinafunsa ngati palibe munthu angawatsegule. Anayankha kuti wodziwa mawu achinsinsi akhoza, ndipo sangalumbire za anthu anzeru kuposa iwo. Ndinakana. Azakhali anavomera chinthu chimene anachiona ndi maso awo chikugonjetsa amuna awo, ndipo chinthucho chinali chitandinamiza kale. Kulembanso papepala ndinalumbira kuti sindidzatero. Kunyumba kwanga kuli anyamata awiri amene amafukula chilichonse.

"Ndipatseni maola awiri," ndinatero. "Ndiziika m'mutu."

Zimene anachita sindidzaziiwala. Anatembenuza mpando wawo kuyang'anitsa kukhoma, monga amachitira mkamwini akakumana ndi apongozi ake panjira, n'kuyamba kunditchulira mawu oti ndilembe, chilembo ndi chilembo, kuti ndibwerere ku sitepe ya Lachiwiri. Ndinalakwitsa kawiri. Kachitatu, nyimbo zonse zinabwerera pa sikirini, zathunthu, monga ndinazitayipira. Ndikuuzeni zoona, pakati pa manyazi onsewo ndinamva kukoma. Chinthu chimene ndinafufuta ndi manja anga, ndachiitana ndipo chabwera! Ndinafuna kufunsa mmene zatheka, koma ndinadzigwira. Iwo anatuluka chammbali osacheuka, natenga mpando n'kukhala panja pakhomo. Ndinawamva akubweza bambo wa ku Zingalume uja, amene anaiwala chipewa chake, kuti m'chipindamo muli mayeso.

Ndinaloweza monga timalowezera nyimbo za kwaya: mzere umodzi, kutseka maso, kubwereza, kuwonjezera wina. Ndinkaimba chamumtima ndikugogoda tebulo ndi chala. Nyimbo zisanu ndi zitatu zinalowa msanga chifukwa thupi langa linkazidziwa kale. Ziwiri zinandivuta koma zinagonja. Imodzi, yachisanu ndi chiwiri, inali yachilendo kwa ine, yaitali, ya mawu akale amene sitiwalankhulanso. Ndinaibwereza kambirimbiri mpaka ndinaona ngati yakhazikika. Dzuwa litapendeka, mlonda anayamba kuliza makiyi ake panja.

Aphunzitsi a makina analowa chafutambuyo, nakhalanso moyang'ana kukhoma. Anandiuza mawu ofufutira, ndipo ndinafufuta mu kompyuta yanga. Kenako anakankhira laputopu yawo kwa ine ndi dzanja limodzi, osatembenuka, ndipo ndinafufutanso m'menemo. Makina sanafunse kawiri. Sanalire, sanachite chilichonse, anangodikira mawu ena.

Lachisanu m'mawa, anzanga akumwa tiyi, ndinalembanso pulogalamu ija kuchokera m'mutu, ndipo ndinadabwa kuti inayenda ulendo wachiwiri wokha. Mbiri yanga itaonekera pakhoma inali ya masitepe atatu, onse a m'mawa womwewo, pamene anzanga anali ndi makumi awiri kapena kuposa. Bambo wa ku Zingalume anafunsa mokweza ngati amadamu anali patchuthi masabata onsewa. Ndinamuyankha kuti ena timaphika msanga chifukwa nyemba zathu si miyala. Aphunzitsi a makina anangoti, "Pulogalamu ikuyenda," n'kupita kwa wotsatira. Malikisi anga anali otsika kuposa a wina aliyense, koma satifiketi ndinalandira.

Chovuta chinali kutsogolo. Loweruka ndinapita kwa azakhali ndisanafike n'komwe kunyumba kwanga, ndipo ndinawauza zonse, osasiya kanthu. Mayo ine, anandisambitsa chokweza! Anati ndine wopusa wa satifiketi. Anati safunsa anadya phula. Anafunsa katatu ngati mwamuna uja sanaonedi, ndipo nditawauza za mpando woyang'ana kukhoma anati, "Ameneyo analeredwa. Osati iwe." Mlandu unali wangadi.

Mkwiyo utatsika, anakoka lichero lopanda kanthu, naliika pamiyendo n'kunena kuti, "Wati zili m'mutu? Yamba."

Ndinayamba. Iwo ankagogoda lichero, n'kumandidula pamene ndapotoza. Pena ankanditsina pantchafu ngati ndikadali namwali. Yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chimodzi zinadutsa. Ndinalowa yachisanu ndi chiwiri bwinobwino, mizere inayi yoyamba, kenako m'mutu munangoti zii. Ndinkadziwa mmene imathera, koma pakati panalibe kanthu. Ndinayambiranso, n'kudzaimanso pomwepo.

"Ndikumbutseni, azakhali," ndinatero.

Anatsegula pakamwa mwachangu, monga munthu woti andichititse manyazi. Sipanatuluke mawu. Anagogoda lichero, nayamba nyimboyo okha kuchokera poyamba, ndipo anadzaima pamene ndinaima ine. Anayesanso akung'ung'udza mayimbidwe okha. Mayimbidwe analipo, mawu palibe. Nkhope yawo inasintha, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawaona azakhali ali ndi mantha.

"Imeneyi anandipatsa ndi amayi anga," anatero motsitsa. "Sindinaiimbe zaka zambiri. Lamlungu lija inangobwera yokha."

Ndinalira, sindibisa. Ndinaliona ndi maso anga gawo limenelo pa sikirini masiku awiri okha m'mbuyomo, mizere itatu, ndipo ndinkakumbukira ngakhale malo amene inali, cha kumunsi kumanzere. Ndi chala changa chomwe chimene chinaifufuta. Tinadikira masabata, tikuti mwina ibwera ali kumunda kapena akusamba. Ndinapalasa njinga kukafunsa amayi awiri achikulire a midzi ina, ndipo onse anati imeneyo sanaimvepo. Sinabwerenso.

Kusukulu ndimaphunzitsa kompyuta tsopano, ndi laputopu imodzi ya sukulu yonse. Ana ndimawaphunzitsa kusuntha zilembo, ndipo amakondwa monga ndinakondwera ine. Ndikafika pa kusunga masitepe ndimachedwapo dala, ndipo wosamvetsera ndimamuimiritsa.

Chaka chotsatira azakhali sanandipemphe, anangonditumira uthenga kuti atsikana anayi akulowa m'nyumba ndipo ndibwere ndi chitenje chakale. Kuyambira pamenepo ndimakhala pambali pawo pa chinamwali chilichonse, ndipo masiku ano mawu awo atachepa mphamvu, woyambitsa nyimbo ndine. Yachisanu ndi chiwiri timaiimbabe. Tikafika pamalo paja timatseka pakamwa, manja okha n'kumaomba mpaka mizere itatu itakwana, kenako timalowa kumapeto. Sitinauzepo aliyense chifukwa chake.

Holide yapitayi ndinamva mtsikana wina amene tinamuvina zaka ziwiri zapitazo akuthandiza namwali watsopano kuloweza nyimboyo. Namwaliyo, pofuna kufulumira, analumpha n'kulowa kumapeto osadikira. Mnzakeyo anamumenya pamkono n'kumudzudzula kuti, "Iwe, apa sitiimba. Apa timaomba m'manja basi. Ndi mmene iliri kuyambira kale."